Musanagule matayala akuluakulu, suzumirani kunsi kwa galimoto

Ngati mumakonda kuonera mavidiyo a magalimoto pa TikTok kapena YouTube, mwina munaonapo Jeep ikukwera thanthwe lalitali ngati nyumba, tayala limodzi lili lende m'mwamba, munthu wina ali kutsogolo akukodola dalaivala ndi manja. Galimotoyo imayenda pang'onopang'ono moti agogo oyenda ndi ndodo atha kuipitirira. Masewera amenewa ku America amawatchula kuti rock crawling, kutanthauza kukwawa pamiyala. Ambirife maso amangofikira pa matayala, n'kumati, "Ndikadzazipeza ndidzaika otere pa Hilux yanga." Koma eni masewerawa akakumana, nkhani imene imawadyera nthawi ndi ndalama ndi ya chitsulo chimene chili kunsi kwa galimoto, chosaoneka bwino pavidiyo. Chitsulocho ndi ekiselo.

Kwawo kwenikweni kwa masewerawa ndi kumadzulo kwa United States. Ku California kuli njira yotchedwa Rubicon Trail, ya makilomita pafupifupi 35, yodutsa m'mapiri a Sierra Nevada kufupi ndi nyanja ya Tahoe. Ndi mtunda waufupi, koma ambiri amagona panjira chifukwa cha miyala. Kuyambira mu 1953 eni ma Jeep amasonkhana kumeneko paulendo wotchedwa Jeepers Jamboree. Ku Moab, m'chigawo cha Utah, chikondwerero cha Easter Jeep Safari chinayamba mu 1967. Ndipo kuyambira mu 2007, m'chipululu cha Johnson Valley ku California komweko mumachitika mpikisano wa King of the Hammers, umene umaphatikiza liwiro pamchenga ndi kukwawa pamiyala. Konseku, imodzi mwa ngozi zimene madalaivala amaziopa kwambiri ndi kuthyoka kwa ekiselo.

Kodi ekiselo n'chiyani? Mukagwada kumbuyo kwa pikapu n'kusuzumira, muona chimpope chachitsulo chochokera tayala lina kukafika tayala linalo, pakati pake pali chotupa ngati dzungu. Chotupacho ndi chimene amakaniko amati difu. M'kati mwake muli magiya awiri, yaikulu ndi yaing'ono, crown wheel ndi pinion, amene amalandira mphamvu yochokera kuinjini n'kuitembenuzira kumatayala. Kuchokera mudifumo mumatuluka mashafuti awiri, ina kumanja ina kumanzere. Kumapeto kwa shafuti kuli timano timene timalowa m'magiya. Mphamvu zonse za galimoto zimadutsa pa timano timeneti ndi pa shafuti yonenepa ngati mpini wa khasu basi.

Nanga chitsulo chotere chimathyoka bwanji galimoto ikuyenda ngati bilimankhwe? Chifukwa choyamba ndi magiya. Kuti galimoto ikwawe, imafunika giya yotsika zedi. Jeep Wrangler Rubicon itatuluka mu 2003, inabwera ndi giya yotsika ya 4:1 ndiponso magiya a mudifu a 4.10. Mukaphatikiza ndi giya yoyamba ya galimoto yamanyuwo, injini inkazungulira pafupifupi ka 66 kuti tayala lizungulire kamodzi. Liwiro likachepa chonchi, mphamvu yopotokola imachuluka chimodzimodzi, ndipo yonseyo imakathera pa shafuti.

Chachiwiri ndi tayala lenilenilo. Munaonapo makaniko akulowetsa paipi kusipanala kuti bawuti yokanika igonje? Chogwirira chikatalika, mphamvu yopotokola imakula. Tayala lalikulu ndi paipi imeneyo, koma m'malo mothandiza inu, limathandiza mwala kulimbana ndi shafuti. Kuchoka pa tayala la mainchi 31 kupita pa la mainchi 37, ndiye kuti shafuti ikufunika kupirira mphamvu yoonjezera pafupifupi 20 peresenti kuti ikankhe galimoto mmene inkakankhira kale. Tayala la mainchi 40, lotalika kuposa mita, limaonjezera pafupifupi 30 peresenti. Apo sitinawerenge kulemera kwa tayalalo.

Chachitatu ndi diff lock. Difu wamba imalola tayala lina kuzungulira mofulumira kuposa linzake, n'chifukwa chake galimoto ikatitimira mumaona tayala limodzi likungozungulira linalo lili chete. Diff lock imamanga matayala onse awiri kuti azizungulira limodzi. Pamiyala zimenezi zimathandiza kwambiri, koma tayala lina likakhala m'mwamba, katundu yense amagwera shafuti imodzi. Ndiye pamabwera chachinayi, phazi la dalaivala. Tayala likaterereka, munthu wopupuluma amaponda moto, galimoto n'kuyamba kudumphadumpha. Tayala lozungulira mwaliwiro likatera pathanthwe n'kugwira mwadzidzidzi, chimamveka ndi phokoso limodzi, thyoo! Ulendo wathera pompo.

Ku America maekiselo ambiri a ma Jeep ndi a kampani ya Dana, ya ku Ohio, imene inayambitsidwa ndi Clarence Spicer mu 1904, ndipo amadziwika ndi manambala. Ma Wrangler wamba a m'zaka za m'ma 1990 ankabwera ndi Dana 30 kutsogolo ndi Dana 35 kumbuyo. Onse awiri giya yawo yaikulu ndi yopitirira pang'ono mainchi 7, mashafuti ake ali ndi timano 27. Dana 35 ili ndi mbiri yoipa pa chifukwa chimodzi: shafuti yake imagwidwa ndi kachitsulo kooneka ngati chilembo cha C m'kati mwa difu. Shafutiyo ikathyoka pakati, sipakhalanso choigwira, tayala limasololoka pamodzi ndi chidutswa cha shafuti. Taganizirani zimenezi zikuchitika galimoto itapendekeka pathanthwe.

Yotsatira ndi Dana 44, ya giya ya mainchi 8.5 ndi timano 30, imene Rubicon ya 2003 ija inali nayo kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Kenako pali Dana 60, ya giya ya mainchi 9.75, imene mashafuti ake olimba amakhala ndi timano 35 ndipo ndi onenepa inchi imodzi ndi theka. Okonda masewerawa ali ndi kawerengedwe kawo: Dana 30 musaipitirize pa tayala la mainchi 33, Dana 44 imapirira la 35, koma mukafika pa 37 kapena 40 muyambe kuganiza za Dana 60. Ena amayamba ndi kungosintha mashafuti n'kuikamo a chitsulo cholimba cha chromoly. Zikakanika, amapita kumalo ogulitsa zitsulo za magalimoto owonongeka kukasaka maekiselo a mapikapu akuluakulu monga Ford F-350, kapena ekiselo yakumbuyo ya General Motors yotchedwa 14-bolt, ya giya ya mainchi 10.5.

Maekiselo akumbuyo a mapikapu amenewa ali ndi ubwino wina. Pa magalimoto ang'onoang'ono, shafuti imagwira ntchito ziwiri: kuzungulitsa tayala ndi kusenza kulemera kwa galimoto. Pa ekiselo ya mtundu wa full-floating, kulemera kumasenzedwa ndi chimpope chija kudzera m'maberingi awiri, shafuti n'kutsala ndi ntchito imodzi yozungulitsa. Ikathyoka, tayala limakhalabe m'malo mwake. Mumamasula mabawuti, kusolola shafutiyo, n'kubwerera kunyumba ndi matayala akutsogolo.

Mwina mukuti nkhani yatha, kungoika ekiselo yaikulu basi. Ayi ndithu, apa m'pamene ndalama zimayambira kutuluka. Ekiselo ya pikapu yaikulu siingolowa pa Jeep. Muyenera kudula zogwirira zake zakale n'kuwotcherera zatsopano pamalo oyenera, ndipo zikapendekeka pang'ono galimoto imanjenjemera kapena kukokera mbali imodzi. Imakhala ndi mabawuti 8 a tayala pamene Jeep ili ndi 5, ndiye marimu onse ogula. Magiya a mudifu yakutsogolo ndi yakumbuyo ayenera kufanana, apo ayi matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakokana mpaka china chiphwanyike, ndipo pa tayala lalikulu ambiri amatsitsa magiyawo kufika pa 4.88, 5.13 kapena 5.38. Chiwongolero chimalemera, chimafuna chothandizira. Mabuleki nawo ayenera kugwirizana ndi kulemera kwatsopanoko.

Palinso zotayika. Difu yaikulu imalendewera pansi kwambiri, choncho mpata umene munapeza pogula tayala lalikulu, ina mwaibweza. N'chifukwa chake ena amasenga kunsi kwa 14-bolt kuti isamakole miyala. Ndipo chofooka sichitha, chimangosamuka. Shafuti ikaleka kuthyoka, mphamvu ija imakafuna pena pothyola: propu shafuti, magiya a mudifu, kapena bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu odziwa amasankha dala kuti chofooka chikhale chinthu chotchipa ndiponso chosavuta kusintha kutchire. Kusintha shafuti pamwala ndi ntchito ya maola ochepa, koma giyabokosi ikaphwanyika ndiye kuti galimoto ichita kukokedwa.

Kuno kwathu anthu sakwera matanthwe pongosewera, koma sayansi yake ndi yomweyi. Si mwangozi kuti mabungwe ndi zipatala zakumidzi amadalira Toyota Land Cruiser 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo mpaka lero ili ndi ekiselo yachimpope kutsogolo ndi kumbuyo. Hilux yamakono ndi ina: kutsogolo kwake tayala lililonse limadziyendera palokha, mphamvu imadutsa m'ma CV joint. Mukaikweza m'mwamba kuti matayala akuluakulu alowe, ma CV joint aja amagwira ntchito atapindika kwambiri, ndipo satenga nthawi kutha. Kumbuyo kwake shafuti ndi ya ntchito ziwiri ija. Ndiye pikapu ya matola ikasenza matumba a chimanga, njinga ndi anthu pamwamba, n'kumakwera msewu wokhotakhota wa Gorodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, shafuti ndi maberingi ake zimamva zofanana ndi zimene Jeep imamva ku Moab. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Moab anthu amakhala atamanga malamba m'galimoto ya zitsulo zotchinga, pamene pamatola pamakhala mayi ndi mwana kumsana.

Choncho inu amene mwangoitanitsa galimoto yanu yoyamba ndipo mtima uli dyokodyoko kufuna matayala ngati a pavidiyo, dziwani zimene mukugula. Tayala lalikulu limapangitsa kuti sipidomita izionetsa liwiro lochepa kuposa lenileni. Limapatsa mabuleki ntchito yambiri. Limamwetsa mafuta, mmene akudulira masiku anomu. Galimoto yokwezedwa m'mwamba sichedwa kugubuduka pakona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanalipire, pitani kwa makaniko amene mumamukhulupirira mukamufunse mafunso atatu: ekiselo yanga ndi ya mtundu wanji, magiya a mudifu ndi angati, ndipo tayala lalikulu limene ingapirire ndi liti? Funsaninso a inshulansi ndi a Road Traffic ngati kusinthako sikukuikani m'mavuto. Nthawi zambiri mudzapeza kuti tayala la kukula komweko koma la mapazi ogwira bwino pafumbi ndi m'matope, mashokabu abwino ndi mafuta atsopano a mudifu zikukwanirani. Ndipo pamsewu woipa, chimene chimateteza ekiselo kuposa chitsulo chilichonse ndi phazi lofatsa: giya yotsika, liwiro lochepa, tayala likaterereka chotsani phazi, bwererani pang'ono, sankhani poponda pena. Madalaivala a ku Rubicon anaziphunzira atathyola zitsulo zambiri, koma makolo athu ananena kalekale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.