Bwalo la basketball loyala n'kuyalula: ndalamazo zidikire kaye

Msuweni wanga anandiimbira foni Lamlungu, chimwemwe chili tsaya. Iye ndi anzake a kutchalitchi asonkha kangachepe, akufuna bwalo la basketball la matabwa mu holo yawo chifukwa simenti yawatha mawondo. Koma mu holomo Loweruka lililonse mumakhala ukwati, ndiye bwalolo liyenera kukhala loyala Lolemba n'kuyalula Lachisanu. Akuti anaona pa YouTube, n'zophweka. Ine ndinati ase, ndalamazo zidikire kaye.

Maganizowo si oipa ayi. Ku America matimu ambiri a NBA amasewera pa mabwalo oterewa, ena oyalidwa pamwamba pa madzi oundana a masewero a hockey. Bwalo lotchuka la Boston Celtics linakhomedwa mu 1946 ndi zidutswa za mtengo wa oak, nthawi yomwe matabwa ankasowa nkhondo itangotha, ndipo linatumikira mpaka 1999. Komabe ngakhale limenelo linali ndi malo ena omwe mpira unkafika n'kukana kudumpha. Ngati zinavuta akatswiri, nanga inu ndi kalipentala wa pamsika?

Tiyambe ndi masamu. Bwalo lathunthu la FIBA ndi mamita 28 mulitali, 15 mulifupi. Pulayiwudi imodzi ndi mamita 2.44 kwa 1.22, choncho mufunika zoposa 140, osawerengera mitanda ya pansi. Bwalo la 3x3, la mamita 15 kwa 11, lifuna 56 kapena kuposerapo pang'ono mukamadula. Ine ndingati yambirani pamenepo. Dziwaninso kuti mabwalo ambiri a akatswiri amapangidwa ndi mtengo wolimba wa maple; paini wathuyu ndi wofewa, amakhala bwino pansi ngati mtanda, osati popondapo.

Chomwe mavidiyo amadumpha ndi simentiyo. Tengani chitsulo chowongoka cha mamita atatu, muchigoneke malo osiyanasiyana. Mpata wa pansi pake ukaposa mamilimita atatu, konzani kaye pamenepo, apo ayi zigawo zizigwedera ndipo wina adzabinya bondo. Kenako matani pulasitiki pasimentipo ndi tepi mbali zonse, igone usiku umodzi. Mukapeza thukuta mkati m'mawa, pansipo pakutuluka chinyezi. Thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, dzuwa la Okutobala likabwera limauma n'kusiya mipata. N'chifukwa chake pansi muyenera kuyala pulasitiki yokhuthala, matabwa akhale m'holomo masiku angapo musanakhome, ndipo m'mbali mwa khoma musiye kampata kopumira.

Chigawo chilichonse chikhale ndi mitanda yake, pansi pa mitandayo tizidutswa ta labala tofanana kukhuthala, pamwamba pulayiwudi ya mamilimita 18. Labalayo ndi amene amapulumutsa mawondo, musamuchotse pofuna kusunga ndalama. Misomali iwalani, imazuka. Gwiritsani masikuluwu, mitu yake ilowe mkati. Poyala, mizere ilumikizane ngati njerwa pakhoma, ndipo zigawo zigwirane ndi mabawuti. Lembani nambala kunsi kwa chilichonse. Penti ya mizere ibwere bwalo lonse litayalidwa, ndipo vanishi musasankhe wa mipando wonyezimira uja, amaterera munthu akatuluka thukuta.

Ndiye pali funso lomwe msuweni wanga anakhala nalo chete: Lachisanu anyamule ndani? Pulayiwudi imodzi yokha imalemera makilogalamu pafupifupi 30, mitanda isanalowepo. Zigawo 56 zimafuna manja ambiri, chipinda chouma, ndi posanjika mogoneka, osagunda pansi, poti chiswe sichigona.

Tagwirizana kuti akhome zigawo zisanu ndi chimodzi zokha, aziyale pansi pa basiketi, azisewererapo mpaka mvula idutse. Zikafika Epulo zili zowongoka, agule matabwa otsalawo.