Oyilo wa Galimoto Nayenso Ali ndi Muyeso Wake

Mlimi aliyense amene anaphunzirapo za ulimi wa nkhuku amadziwa kuti katemera wa chitopa sasungunulidwa mongoyerekeza. Amawerenga zolembedwa pa kabotolo, nayeza madzi, nawerenganso nkhuku zake. Wa chimanga nayenso sathira feteleza pa phando ndi dzanja lodzaza, poti amadziwa kuti wochuluka amatentha mbewu. Koma mlimi yemweyo akafika pa galimoto imene imamunyamulira mazira ndi tomato kupita ku Chisokone kapena ku Masala, nzeru zonsezo amazisiya kunja kwa galaja. Amagula chigubu cha malita 5 cha oyilo wolemera, napatsa mnyamata, nakhala pa benchi n'kumaseweretsa foni. Chigubu chikabwerera chopanda kanthu amakondwa kuti ndalama yake yonse yalowa mu injini.

Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chikupha mainjini ambiri mu Kitwe ndi mu Ndola, ndipo cholakwa chili pawiri: mtundu wa oyilo ndi kuchuluka kwake.

Tiyambe ndi kuchuluka, pakuti apa palibe chokanganirana. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene alimi athu ali nawo ndi a Toyota ogwiritsidwapo ntchito ku Japan, olowera ku Dar es Salaam ndi ku Nakonde: Corolla, Allion, Premio, Spacio ndi anzawo. Ambiri mwa iwo ali ndi injini ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FE. Injini imeneyi imalandira malita 3.7 a oyilo mukasintha ndi fyuluta yomwe, ndi malita 3.4 ngati fyuluta simunaisinthe. Wothira chigubu chonse cha malita 5 wapitiriza muyeso ndi lita imodzi ndi zina. Oyilo wotsalayo sakhala phee kudikira tsiku la njala ngati chimanga cha m'nkhokwe. Amakwera m'sampu kufikira pamene crankshaft, imene imazungulira kambirimbiri pa mphindi imodzi, iyamba kumumenya ngati mmene mpukuso umamenyera therere. Oyilo amachita thovu, ndipo pampu ikakoka thovu imatumiza mpweya ku maberingi m'malo mwa oyilo. Chitsulo chimakhudza chitsulo chinzake. Kuwonjezera apo, oyilo wosefukira amakankha malabala otseka m'mbali mwa injini mpaka ayambe kudontha, wina nalowa m'malo oyakira petulo, nadetsa mapulagi ndi kutulutsa utsi wabuluu ku ekizozi. Mwini galimoto akaona utsiwo amati injini yatha, nagulanso oyilo wolemera kuposa woyamba.

Muyeso weniweni uli pa dipstick, kachitsulo kaja kamene timasolola pansi pa boneti. Galimoto iime pamalo athyathyathya, injini izimitsidwe, padutse mphindi zisanu kuti oyilo atsikire pansi. Solorani, pukutani, bwezerani mpaka kumapeto, solaraninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri zija, chakufupi ndi chapamwamba koma osachipitirira. Ntchito yonseyi siitenga nthawi yoposa yothirira bedi limodzi la repu, komabe ndikudziwa anthu amene akhala ndi galimoto zaka zitatu osadziwa pamene kachitsuloko kali.

Nkhani ya mtundu ndiyo yovuta, chifukwa apa ndikutsutsana ndi amakaniko ambiri amene ndimawalemekeza. Mawu awo ndi akuti: kuno ku Africa n'kotentha, oyilo wopepuka ndi wa kumaiko a chipale, ife tithire 20W-50. Mawuwa amamveka anzeru, ndipo kale anali oona ndithu, m'masiku a Peugeot 504 ndi Land Rover zakale, zimene mipata ya m'kati mwa injini zake inali ikuluikulu. Koma tiyeni tione chimene manambala a pachigubu amanena. Nambala yoyamba, yokhala ndi chilembo W, imanena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira. Ikakhala yaing'ono ndiye kuti oyilo amafika msanga pamwamba pa injini mukangoliza. Nambala yachiwiri imanena kulemera kwake pa kutentha kwa madigiri 100. Tsono injini ikathamanga, madzi ake amasungidwa ndi thermostat pa madigiri a pakati pa 80 ndi 90, kaya galimoto ili ku Nagoya kaya ili pa msewu wa Ndola kupita ku Kitwe mu Okutobala. Dzuwa la pa Copperbelt limawotcha ife oyendetsa, koma m'kati mwa injini kutentha kumasiyana pang'ono chabe ndi kwa ku Japan. Ndipo tisaiwale kuti ifenso tili ndi mmawa wa Juni ndi Julayi, pamene mlimi amaliza galimoto nthawi ya 4 koloko kuti akapeze malo pamsika, chisanu chili gwa. Mphindi zoyambirira zimenezo ndi zimene injini imadyeka kwambiri, chifukwa oyilo wolemera amachedwa kufika kumene akufunika.

Pali chinanso. Injini ngati 1NZ-FE ili ndi makina otchedwa VVT-i, amene amasintha nthawi yotsegukira mavalavu pogwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo wodutsa m'timabowo ting'onoting'ono ndi kasefa kosaposa chala. Anaipangira oyilo wopepuka: mabuku a Toyota amatchula 5W-30, ndipo pa magalimoto atsopanoko amatchula 0W-20. Oyilo wolemera kapena wakuda ndi litsiro amachedwetsa makina amenewa. Galimoto imayamba kulemera pokwera chitunda, kumwa petulo wambiri, ndi kuyatsa kagetsi kaja ka padashibodi kamene ena amakamata ndi selotepi kuti kasawasowetse mtendere.

Ndivomereze pamene amakaniko akulondola. Magalimoto athu ambiri anafika kuno atayenda kale, ndipo ena adutsa makilomita 250,000. Injini yodyeka, imene ikumwa oyilo ndi kusuta, ikhoza kupeza mpumulo pa oyilo wolemerako pang'ono, monga 10W-40. Sindikana. Koma kumeneko n'kuchiritsa wodwala amene mwamuyeza, ndipo kumasiyana ndi kumwetsa mankhwala amodzimodzi nkhuku zonse za m'khola, zodwala ndi zamoyo zomwe. Ndivomerezenso kuti buku la galimoto, likapezeka n'komwe, limakhala la m'Chijapani. Komabe manambala alibe chilankhulo. Nthawi zina amalembedwa pa chivindikiro chothirira oyilo, ndipo aliyense wokhala ndi foni ya intaneti akhoza kulemba nambala ya injini yake n'kupeza muyeso ndi mtundu wake.

Pafamu pali yesero lina limene anthu a m'tauni sakumana nalo: dilamu ya 15W-40 yogulira thirakitala, chigayo kapena pampu ya dizilo. Ili pomwepo, yalipiridwa kale, bwanji osatungako? Yang'anani zilembo za API pa chigubu. Zoyamba ndi S, monga SL, SM, SN ndi SP, ndi za injini za petulo. Zoyamba ndi C, monga CF ndi CI-4, ndi za dizilo. Oyilo wina amakhala ndi zilembo zonse ziwiri, ndipo pa tsiku la tsoka, muli pakati pa tchire, adzakufikitsani kunyumba. Oyilo aliyense aposa kuyenda ndi sampu youma. Koma tsiku la tsoka lisasanduke chizolowezi cha chaka chonse.

Choopsa kuposa zonsezi ndi oyilo wosadziwika kumene wachokera. N'zodabwitsa kuti ife a ku Ndola, mzinda umene paipi ya TAZAMA imathera itayenda makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam chiyambire 1968, mzinda umene unamangidwamo Indeni mu 1973, timagulabe oyilo wa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu. Botolo lotere lilibe nambala, lilibe zilembo, lilibe wokafunsa. Akhoza kukhala oyilo wabwino wogawidwa kuchokera m'dilamu. Akhozanso kukhala wokhetsedwa m'galimoto ina, wosefedwa ndi nsalu. Maso sangasiyanitse. Boma lili ndi mabungwe ake, Energy Regulation Board ndi Zambia Bureau of Standards, koma palibe bungwe limene lidzaime pambali panu pamene mukupereka ndalama. Gulani chigubu chomata, pamalo odziwika, ndipo chitsegulidwe inu mukuona. Wina adzati n'chodula. Afunse mtengo wa injini ina ya m'kontena pamodzi ndi ndalama ya woiika, awonjezepo masabata amene mazira adzayende pa galimoto ya hayala, kenaka abwere tidzawerengere limodzi.

Za nthawi yosinthira ndinene mwachidule. Galimoto ya mlimi wa ku Garneton kapena ku Misundu siyenda moyo umene anaipangira. Imanyamula matumba a chakudya cha nkhuku mpaka kumbuyo kukhala pansi, imameza fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo imayenda maulendo afupiafupi amene injini siitenthera mokwanira. Opanga magalimoto amaitcha ntchito yotere yolemetsa ndipo amafupikitsa nthawi ya sevisi. Kwa ine makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chimene chayamba kukwana, ndi malire abwino, ndipo fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Tsiku ndi makilomita zilembedwe m'kope momwe timalembamo masiku a katemera.

Patsala oyilo wokhetsedwa uja, malita atatu ndi theka akuda bii. Kumafamu timamukonda: timapaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, ena amapaka nkhumba za mphere ndi zilonda za ng'ombe, wotsala timataya kuseri kwa shedi. Oyilo wotere ali ndi tizitsulo tosaoneka ndi zotsalira za utsi zimene zimawononga khungu la chiweto ndi la munthu, ndipo malamulo amene ZEMA imayang'anira amamuwerenga m'gulu la zinyalala zoopsa. Wotayidwa pansi amatsikira ku chitsime chimene timathiririra masamba, ndipo mvula ikagwa wina amatsata ngalande kupita ku Kafubu ndi ku Kafue, kumene mizinda yathu iwiriyi imatunga madzi akumwa. Muikeni m'chigubu chotseka, mufunse ku galaja kapena ku filing'i sitesheni ngati amalandira. Chigubu chatsopano chija chikhale ndi lita yake yotsala, chimangidwe bwino, chiikidwe m'buti, ndipo Loweruka lililonse mmawa, musananyamuke kupita kumsika, solorani dipstick.