Mwana Wanzeru Zapadera Amafuna Mphunzitsi Wachidwi

Pafupifupi m'kalasi iliyonse muli mwana amene amamaliza ntchito anzake asanafike n'komwe pakati. Ambirife timam'patsa ntchito ina yofanana ndi imene wangomalizayo, kapena timamutuma kulemba mayina a olongolola. Timaganiza kuti mwana wotere adzadzionera yekha. Ine ndikuti nayenso amafuna mphunzitsi, ndipo mphunzitsi womuyenera ndi amene sanasiye kuchita chidwi ndi zinthu. Mbiri ya mayi Leta Hollingworth a ku America, amene anali m'gulu la oyambitsa maphunziro a ana anzeru zapadera, ikuchitira umboni zimenezi.

Mayiwa anabadwa mu 1886 m'chigawo cha Nebraska. Amayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zitatu, ndipo atakhalako kwa agogo anakaleredwa ndi mayi owapeza, kumene sanapeze mtendere. Chimene chinkawatonthoza chinali kuwerenga ndi kulemba ndakatulo. Anamaliza maphunziro pa yunivesite ya Nebraska mu 1906 ali ndi khumbo lodzakhala mlembi, n'kuyamba kuphunzitsa kusekondale. Mu 1908 anakwatiwa n'kusamukira ku New York, koma kumeneko lamulo silinkalola akazi okwatiwa kulembedwa ntchito yauphunzitsi. Anakhala pakhomo kwa zaka zingapo, luso lilipo koma polionetsa palibe. Kenako anabwerera kusukulu, ndipo mu 1916 analandira digiri ya udokotala pa yunivesite ya Columbia.

Munthu amene anamvapo kuwawa kwa kukhala ndi luso lopanda ntchito sachedwa kukuzindikira mwa mwana. Mu 1922 mayi Hollingworth anayambitsa makalasi a ana anzeru zapadera pa sukulu ina ya boma ku New York, mu 1926 anatulutsa buku lotchedwa Gifted Children, ndipo mu 1936 anayamba ntchito yomweyo pa sukulu ya Speyer. Anapeza kuti ana otere amamaliza ntchito ya pa silabasi pa theka chabe la nthawi imene anzawo amafuna. Nthawi yotsalayo sanaidzaze ndi masamu owonjezera. Anawo ankafufuza okha chiyambi cha zinthu wamba monga zakudya, zovala, nyumba ndi kayendedwe, ndiponso ankawerenga mbiri za anthu otchuka. Mayiwa anaonanso kuti ana ambiri otere amasowa anzawo ocheza nawo, choncho ankawaphunzitsa kuleza mtima ndi anthu amene samva msanga.

Ntchito yotereyi sangaiganizire munthu amene amangodikira belu loweruka. Inachokera kwa mphunzitsi wokonda mabuku, amene iye mwini ankafuna kudziwa kumene zinthu zinachokera. Apa ndi pamene ife aphunzitsi a ziyankhulo tili ndi mwayi, chifukwa nzeru za mwana zimaonekera msanga m'mawu ake. Mwana akafunsa kuti, "Bwanji timati munthu, anthu, koma mudzi, midzi?" ndiye kuti wazindikira yekha magulu a mayina tisanam'phunzitse. Mphunzitsi amene chidwi chinam'thera amayankha kuti ndi mmene zilili, n'kupitiriza phunziro. Amene chiyankhulo chimam'sangalatsabe amamutuma mwanayo kuti akatole mayina 30, awaike m'magulu, n'kudzafotokoza lamulo limene wapeza.

Ena a inu munena kuti zimenezo n'za ku New York. Makalasi a mayi Hollingworth anali aang'ono, pamene ena a inu mumaima pamaso pa ana 80 kapena kuposa, mabuku ali ochepa. N'zoona, ndipo si zonse za mayiwa zimene tingatengere. Iwo ankasankha ana podalira mayeso oyeza nzeru otchedwa IQ. Mayeso otere akaperekedwa m'chiyankhulo chimene mwana sayankhula kunyumba, amayeza chiyankhulocho kuposa nzeru zake. Komanso mayiwa, monga akatswiri ambiri a nthawi yawo, ankakhulupirira kwambiri kuti nzeru n'za kumtundu, maganizo amene anachititsa kuti anthu ena azinyozedwa. Zimenezo tizisiye. Mtsikana wodziwa kupeka nthano, amene amalakwitsa Chingerezi koma anzake amakhala chete akayamba kusimba, mayeso sangam'peze. Angam'peze ndi mphunzitsi womvetsera.

Chimene tingatengere sichifuna ndalama ngakhale kalasi yapadera. Mawu nawonso ndi zinthu wamba zokhala ndi mbiri. Mawu oti nsapato ndi mbatata anachokera ku Chipwitikizi, ndege ku Chiswahili, sukulu ku Chingerezi. Mwana womaliza msanga angathe kufufuza mawu obwereka amene amamveka kumsika, n'kufunsa akuluakulu za mmene anafikira kuno. Wokhala kufupi ndi malire angayerekeze mayankhulidwe a ku Mchinji ndi a ku Chipata, kapena a ku Dedza ndi a ku Angónia. Wina angalembe mbiri ya agogo ake, wina n'kupeka mathero ena a nthano imene kalasi yawerenga. Pa sabata mum'patse mphindi zisanu kuti afotokozere anzake zimene wapeza. Potero kalasi yonse ipindula, ndipo iye aphunzira kuyankhula ndi anzake mosadzikuza.

Koma zonsezi zimayambira pa inu. Simungam'patse mwana chidwi chimene inu mulibe. Kukonda ntchito yauphunzitsi sikuthera pa kufika msanga kusukulu ndi kulemba chikonzero cha phunziro mwaukhondo. Kumaonekanso pamene mwana wafunsa funso loti simukudziwa yankho lake, inu n'kukondwera m'malo mokwiya, n'kumuuza kuti mukafufuze nonse awiri. Mayi Hollingworth anamwalira mu 1939 ali ndi zaka 53, akutsatirabe moyo wa ana amene anayamba kuwadziwa zaka zambiri m'mbuyomo.

Musanapitirire ndi mutu wotsatira, lembani dzina la mwana mmodzi wa m'kalasi mwanu amene amamaliza msanga kapena amafunsa mafunso ovuta. Pambali pake lembani chinthu chimodzi chokhudza chiyankhulo chimene inuyo mwakhala mukufuna kuchidziwa. Sabata ino mum'patse mwanayo funso limenelo, ndipo mumve zimene abwere nazo.