Kalumo ka Mlendo Kafunika Kugwira Mosamala

Pali chizolowezi china choipa chimene chazika mizu m'sukulu zambiri: kuphunzira Chingerezi mokwatitsa mawu. Wophunzira amalemba liwu la Chingerezi kumanzere kwa tsamba, la Chichewa kumanja, naloweza zonsezo pamtima. Atatero amaganiza kuti ntchito yatha. Chizolowezi chimenechi n'chofunika kuchidzudzula, ndipo mboni yokwanira pa mlanduwu ndi kaliwu ka malembo atatu okha, "cut".

M'makope ambiri a Fomu 1 munalembedwa kuti "cut" ndi kudula. Limeneli si bodza, koma ndi chibanthu chabe cha choonadi. Liwuli linayamba kuoneka m'zolembedwa za ku England zaka zoposa 700 zapitazo. Pang'onopang'ono linalanda malo a mawu akale monga "carve" ndi "shear", amene masiku ano anatsala ndi ntchito zochepa monga kusema ndi kumeta nkhosa. Kuyambira pamenepo lakhala likusenza matanthauzo ankhaninkhani.

Mngerezi akanena kuti sitolo ina "has cut prices", amatanthauza kuti yatsitsa mitengo ya katundu. Woloweza uja amamasulira kuti, "Sitolo yadula mitengo." Womva angaganize kuti eni sitolo alowa m'nkhalango ndi nkhwangwa, choipa koposa n'chakuti m'Chichewa chinthu chodula ndi chokwera mtengo, motero uthenga watembenuzika chadodolido. Khanda limene lili "cutting teeth" silikudula mano ayi, likumera mano. "Power cut" ndi kuzima kwa magetsi, ngakhale palibe wakhudza nthambo. Wojambulitsa kanema akafuula kuti "Cut!" safuna mpeni, afuna onse alekeze pomwepo. Munthu wopempha "cut" yake akufuna gawo lake la phindu. Pa kompyuta napo, lamulo la "cut" limene Larry Tesler ndi anzake anakonza ku Xerox PARC m'zaka za m'ma 1970 limanyamula mawu kuti akaikidwe pena. Kodi zonsezi zingakwane m'liwu limodzi lakuti kudula?

Ngakhale pamene chitsulo chakhudzadi chinthu, kudula sikukwanira. Mchewa amacheka nyama, amameta tsitsi, amawenga zikhadabo, amamweta udzu wofolera, amatchetcha pabwalo, amalikha mtengo, amazinga nkhuku, ndipo sing'anga amatema mphini. Pa zonsezi Mngerezi angathe kugwiritsa ntchito "cut" yemweyo. Wophunzira wolemba kuti agogo akudula mphini kapena kuti atate apita kukadulitsa tsitsi wasaukitsa chinenero cha makolo ake popanda kulemeretsa Chingerezi chake.

Alipo ena amene amateteza kuloweza kotereku. Iwo amati nthawi njochepa, mayeso ali pakhomo, ndipo wosakhoza Chingerezi salandira setifiketi ya MSCE. Nkhawa yawo njomveka, koma mankhwala awo ndiwo akulitsa nthenda. Mayeso amafunsa tanthauzo la liwu monga lagwiritsidwira ntchito m'ndime, osati monga linalembedwera m'kope. Woloweza amagwa pa funso lomwelo limene ankalithawa.

Enanso amati kuchuluka kwa matanthauzo a "cut" ndi umboni wakuti Chingerezi n'cholemera kuposa Chichewa. Amenewa aiwala kuti pamene Chingerezi chatuma wantchito mmodzi, Chichewa chatuma asanu ndi atatu, aliyense ndi chida chake. Aiwalanso kuti Chichewa nacho chimasenzetsa liwu limodzi akatundu ambiri: mtengo ndi wa m'nkhalango, ndiponso ndi wa pamsika. Chinenero chilichonse chimagawa dziko mwa njira yakeyake, ndipo palibe chimene chili chithunzi cha chinzake.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Chingerezi ndi kalumo kotero, ndipo kukakana n'kupusa. Koma wokagwira mwachisawawa amadzicheka yekha. Mphunzitsi aleke kupereka mindandanda ya mawu amasiye, opanda ziganizo. Wophunzira naye akatsegula mtanthauziramawu asaime pa tanthauzo loyamba, koma awerenge mpaka pansi, kenaka abwerere ku chiganizo nadzifunse kuti: pano chachitika n'chiyani, ndipo kumudzi akanachinena bwanji? Wodziwa kuyankha funso limeneli ndiye mwini zinenero ziwiri. Wosalidziwa adzapitiriza kugwetsa mitengo m'sitolo.