NZERU ZA MAKINA: Laputopu Yokana Kuyaka Sinafe Ai

Ku Silverest, m'boma la Chongwe, m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East, kuli sukulu la University of Lusaka kumene anyamata ndi atsikana amaphunzira za udokotala ndi maphunziro ena. Ena mwa iwo ndi ana ocokera kumidzi, amene makolo awo anagulitsa cimanga, nshawa kapena ng'ombe kuti awagulire laputopu. Cotero makina amenewa akakana kuyaka, cisoni cimafika mpaka kumudzi.

Limodzi mwa mabvuto amene amaopsa ophunzira limacokera ku kacipangizo kakang'ono ngati njere ya nyemba, kamene nthawi zambiri kamakhala ndi timiyendo 8. M'kacipangizoka muli malangizo ochedwa BIOS, amene amadzutsa ziwalo zonse za kompyuta Windows isanayambe. Nthawi ndi nthawi opanga makina amatumiza malangizo atsopano. Powaika, makina amayamba afafaniza akale, kenaka nkulemba atsopanowo. Nchito imeneyi itenga mphindi zocepa cabe, koma magetsi akazima pakati pake batire lili lakufa, kapena munthu akaikamo malangizo a mtundu wina wa laputopu, zolembedwazo zimatsala zopereŵera. Pamenepo galasi limakhala bii, cikupizo ca m'kati cikuzungulira, koma palibe cooneka.

M'caka ca 2024 ngozi yotere inakula. Pa 29 February Mtsogoleri wa Dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo pofika mwezi wa September madera ambiri anali kukhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi.

Coyamba cimene mwini makina ayenera kudziŵa ndi cakuti zolemba zake sizinatayike. Izo zimasungidwa m'ciwalo cina, hard disk kapena SSD, cimene m'makina ambiri cingacotsedwe ndi kuŵerengedwa pa kompyuta ina. Ngati zinakhomedwa ndi BitLocker, pamafunika kiyi ya manambala 48, imene kaŵirikaŵiri imapezeka mu akaunti ya Microsoft ya mwiniwake.

Caciŵiri, opanga makina ambiri anaikamo njira yodzipulumutsira. Pa laputopu za HP, munthu alumikize chaja, agwire mabatani a Windows ndi B pamodzi, nasindikize batani loyatsira kwa masekondi aŵiri kapena atatu. Pa Dell, agwire Ctrl ndi Esc polumikiza chaja. Makina angalire, kapena angakhale mumdima kwa kanthawi asanaonetse ciliconse. Apa mpofunika kuleza mtima, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Zikakanika, malangizo oyenera angatengedwe kwa opanga makinawo pa kompyuta ina, nkuikidwa pa flash disk, ndipo njira yomweyo iyesedwenso. Nambala ya mtundu wa laputopu, yolembedwa kunsi kwake, iyenera kufanana ndendende ndi ya malangizowo.

Cacitatu ndi nchito ya mmisiri. Iye amatsegula makina, nagwira timiyendo ta kacipangizo kaja ndi kopanira kolumikizidwa ku cida conga CH341A, nalembamo malangizo abwino kucokera pa kompyuta ina. Mmisiri wodziŵa nchito amayamba wasunga zimene zatsalamo, popeza mumakhala nambala za makinawo ndi kiyi ya Windows. Amaonanso mphamvu ya magetsi, cifukwa tina timafuna mavoti 3.3 pamene tina timafuna 1.8 cabe, ndipo mphamvu yopitirira imatentha.

Pano ndi pamene makolo ayenera kucenjera. Mmisiri wina akaona galasi lakuda amafulumira kunena kuti bolodi lonse lapsa, ndi kuti pafunika latsopano. Nthawi zina zimakhaladi zoona. Koma mtengo wa bolodi uli kutali ndi mtengo wolembanso kacipangizo kamodzi. Mwana asanatumizidwe ndalama, afunse ngati BIOS yayesedwa, ndipo apite kwa mmisiri waciŵiri kukamva maganizo ake. Safunsa anadya phula. Ngati makina akali m'nthawi ya cipangano ca ogulitsa, asatsegulidwe konse, koma abwezedwe kusitolo pamodzi ndi lisiti lake.

Kupewa nkosabvuta. Malangizo atsopano aikidwe pokhapo batire litadzaza ndipo chaja ili yolumikizidwa. Laputopu ya batire lakufa isayesedwe pamalo pamene magetsi amazimazima. Nchito ikayamba, makina asazimitsidwe ngakhale aoneke ngati aima. Ndiponso wophunzira wanzeru saicita nchito imeneyi mayeso ali pafupi, ndipo amasunga zolemba zake m'malo aŵiri, kuti thukuta la makolo ndi la iye mwini lisapite pacabe.