Apongozi a ku Rumphi aphunzitsidwe kusamalira wobereka

Ku America ndi ku Britain, mabanja opata amalipira mayi wotchedwa doula kuti mwana akabadwa azibwera pakhomo kudzaphika, kuthandiza woberekayo kuyamwitsa ndi kum'patsa mpata wogona. Ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Hewe ntchitoyi ilipo kuyambira kale, koma siyolipidwa. Poti pakati pa Atumbuka mkazi amakakhala kwa mwamuna, kawirikawiri amene amaigwira ndi apongozi. Ndiwo amagona pachipatala ngati gadiyani, amatereka madzi osamba, amaphika phala, n'kulondera chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa.

Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ndipo ngakhale Bingu wa Mutharika anachotsa chiletsocho mu 2010, amayi anali atayamba kuzolowera chipatala. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 pa 100 aliwonse ankabadwira kuchipatala. Koma amayi amene anapimidwa pasanathe masiku awiri atachira anali 42 okha pa 100. Chonsecho masiku oyambirirawa ndi amene kutaya magazi ndi matenda a m'chiberekero amapha anthu.

Bungwe la WHO limati mayi ndi mwana aonedwe tsiku loyamba, lachitatu, sabata yachiwiri, ndiponso pakatha masabata 6. Kwa munthu wokhala kumapiri a ku Phoka, nyengo yamvula, maulendo amenewa ndi nkhani ina.

Ndiye amene amaona zonse ndi apongozi aja. Kodi alipo anawauza kuti kutentha thupi, mutu waukulu kapena magazi osaleka si kutopa kwa uchembere? Kuti pamchombo sipapakidwa phulusa, ndipo khanda silimwetsedwa madzi kapena mankhwala azitsamba miyezi 6 isanakwane? Kuti mtengwa wongolira, wosafuna kunyamula mwana wake, angakhale akudwala maganizo osati mwano? Kusikelo amaphunzitsa woyembekezera, pomwe pakhomo wolamula ndi wina.

Pachipatala cha boma cha Rumphi ndi cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, magadiyani amatha masiku akudikira. Namwino mmodzi angawaphunzitse pomwepo, m'Chitumbuka, mayi asanatuluke, ndipo alangizi a zaumoyo akamayendera khanda azikhala pansi ndi apongozi omwe. Abambo nawonso asaime patali: nkhuni, madzi ndi fodya wa kumunda zikhale zawo mpaka mkazi atapeza mphamvu.