Mudawatama Ali M'bokosi, Masitepe Akadali Pomwepo

Ife anthu aulumali a kuno ku Chitala, m'dera la Mfumu Yaikulu Khombedza m'boma la Salima, pamodzi ndi ana a mayi athu amene tawaika m'manda posachedwapa, tikupereka madandaulo awa kwa inu abusa athu, akulu ampingo, mafumu ndi akuluakulu a boma amene nkhani za ulumali zili m'manja mwanu. Dzina la malemuwa sititchula, poti wa kuno aliyense akuwadziwa.

Adadwala poliyo ali kamtsikana, katemera asanafike m'midzi yathu, miyendo yonse iwiri n'kufota. Adakula akuyenda chokwawa, masilipasi atavala m'manja, mawondo atakulunga nsanza. Adakwatiwa, adabereka, ndipo ana adawalera ndi ndalama za mtedza, akupalira chokhala pansi. Koma chimene anthu akuwakumbukira nacho kwambiri ndi ntchito ya Mulungu. Pamaliro ankayamba ndiwo kufika pasiwa, ndipo nyimbo ikafooka pakati pa usiku ankaidzutsa ndiwo. Ambiri a inu amene lero muli madikoni mudaphunzira Sande Sukulu mutakhala pamphasa pafupi ndi mawondo awo. Wodwala akagona m'mudzi, ankatuma mwana kuti awakankhe pa njinga yawo ya aulumali, kaufa kali pamiyendo, kukapemphera naye. Pa zopereka zamasika dengu lawo silinkasowa, ngakhale chaka cha njala.

Zonsezi mudazinena pamwambo wa maliro, ndipo mudanena zoona. Amayi a Chigwirizano adavala zoyera, nkhata zidadzaza manda. Ife tidakhala kumbuyo, panja, chifukwa m'tchalitchi momwe mudalowetsa bokosi lawo ambiri a ife sitingalowemo. Mudawanyamula pamapewa kukwera nawo masitepe omwe aja amene iwo ankakwera ndi manja, inu mukuona.

Tchalitchi chimenecho chikumangidwa, mayiwa adasonkha nawo ndalama za simenti, adaphikiranso amisiri. Adapempha kuti pakhomo limodzi pakhale potsetsereka, poti njinga idutse. Adayankhidwa kuti ziganiziridwa ndalama zikapezeka. Ndalama zidapezeka za penti, za zokuzira mawu, za mipando ya alendo, koma za matumba angapo a simenti sizidapezeke mpaka adamwalira. Lamulungu lililonse ankasiya njinga panja n'kukwawa, bulawuzi yoyera ikufika kutsogolo ili fumbi lokhalokha. Nyengo ya dzinja, inu mukudziwa mmene makande a kuno amakhalira: matayala amamira, thope limakakamira, munthu wa ndodo amagwa kangapo asanafike. Iwo ankafikabe.

Pali china chimene ankachita nacho manyazi kunena, ndipo tikuchinena ife chifukwa nafenso chikutichitikira. Chimbudzi cha pampingo n'chokumba, khomo lake n'lopapatiza, pansi pake pamakhala ponyowa. Munthu woyenda ndi manja amayenera kuika zikhatho zake pamene anzake aponda ndi kuipitsa. Choncho mayiwa ankaleka kumwa madzi kuyambira Loweruka madzulo kuti Lamulungu asafune kutaya madzi. Taganizani kutentha kwa kuno m'mwezi wa Okutobala, mapemphero a maola atatu, munthu wachikulire akuimba kukhosi kuli gwa. Abusa athu, kodi Mkhristu azilipira mtengo wotere kuti amve Mawu?

Zidatiwawanso kuona kuti ntchito mumawapatsa, koma udindo ayi. Pa zisankho dzina lawo likatchulidwa, wina ankanong'ona kuti kumisonkhano yakutali akapita bwanji. Alaliki ena obwera ankawaitanira kutsogolo, n'kuwauza kuti akadakhala ndi chikhulupiriro chokwanira bwenzi ataimirira, kapena kuti m'banja mwawo muli tchimo lobisika. Iwo sadakhumudwe ndi Mulungu wawo. Ankakonda kutikumbutsa za Mefiboseti, mwana wa Jonatani, wolumala mapazi onse awiri, amene Mfumu Davide adamuitana kuti azidya naye pagome limodzi osayamba wamuchiritsa. Koma achinyamata ena aulumali atamva maulaliki otere adasiyiratu kupemphera, ndipo palibe amene adawalondola.

Inu a boma, malamulo mudatipatsa ndipo tikuwadziwa. Bungwe loona za anthu aulumali lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971. Dziko lino lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Mu 2012 kudabwera lamulo loletsa kutisala, lonenanso kuti tizitha kulowa m'malo ofikamo anthu onse, ndipo mu 2024 lidadzanso lina latsopano. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali. Si ife ochepa ayi. Ndipo matenda amene adalumalitsa mayi athu sadathe ngati mmene tinkaganizira: mu 2022 adapezekanso mwa mwana ku Lilongwe, patatha zaka makumi atatu.

Nanga malamulowo ali kuti munthu akafika pamjigo wokwera simenti, wopanda pokwerera njinga? Ali kuti tikaima pamsewu wa M5, minibasi n'kutipitirira poti tichedwetsa ulendo, kapena kondakitala n'kutilipiritsa njingayo ngati munthu wachiwiri? Njinga ya mayi athu idachokera kwa anthu akufuna kwabwino. Itathyoka, okonza njinga za kapalasa adayesa kuwotcherera, koma zipangizo zake kuno kulibe. Amisiri odziwa za njinga zathu, ndodo ndi miyendo yopanga ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ulendo umene wosauka sangaukwanitse. Chakumapeto kwa moyo wawo adabwereranso pansi, kukwawa monga ankachitira ali mwana, manja atatupa ndi ukalamba. Pakabwera kalembera wa thandizo, uthenga umalengezedwa pabwalo la mfumu, ofika msanga ndiwo amalembedwa, ife timamva mawa lake.

Sitikupempha kuti mutimvere chisoni. Tikupempha kuti mvula isanagwe, pakhomo limodzi la tchalitchi pakhale potsetsereka, ndipo pamangidwe chimbudzi cha khomo lalikulu, chokhala ndi pokhalira ndi zogwirira. Njerwa tiumba nawo, mchenga ana a malemu avomera kututa. Tikupempha mafumu kuti pa kalembera aliyense azituma munthu kukafika m'makomo mwa osatha kuyenda. A kukhonsolo, tithandizeni kuti mnyamata mmodzi kapena awiri a kuno aphunzitsidwe kukonza njinga zathu, zipangizo zizipezeka ku Salima konkuno. Ndipo mlaliki aliyense wobwera auzidwe asanakwere paguwa kuti ulumali wathu si chilango.

Pali ana aulumali m'midzi yozungulira Chitala amene makolo awo sabwera nawo ku Sande Sukulu chifukwa atopa kuwabereka kumsana. Mayina awo tili nawo. Akulu ampingo mukadzakhala pansi kukambirana nkhaniyi, mutiitane tidzalankhule tokha, ndipo msonkhanowo udzachitikire panja, pamalo amene tonse tingafike.